Foni yatsala m'sitima: choyamba n'chiyani, ndipo zotayikazi zimathera kuti?

Tiyamike:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Munthu watsika m'sitima ya m'mawa, zitseko zatsekeka, sitima yanyamuka, kenako wapisa m'thumba n'kupeza kuti foni mulibe. Choyamba achite chiyani? Ena amati thamangira kukatseketsa laini, ena amati imbira foniyo, ena amati pita kupolisi. Zonsezi zikumveka bwino koma chiyambe n'chiti? Nanga tinthu ting'onoting'ono ngati ma earphone, chaja ndi power bank, timabwereradi kwa eni ake?

A Gondwe:
Achemwali, choyamba si foni ayi, ndi sitimayo. Musanachoke pamene mwatsikirapo sungani zinthu zinayi m'mutu: nthawi imene sitimayo yanyamuka pa siteshoniyo, komwe ikulowera, bogi imene munalimo powerenga kuchokera kutsogolo, ndi mbali imene munakhala. Sitima za anthu opita kuntchito zimatsatizana pafupipafupi, pena mphindi zisanu kapena khumi zilizonse, ndipo zonse zimafanana. Mukafika kwa wogwira ntchito n'kunena kuti "ndaiwala foni m'sitima ya m'mawa", simunamuuze kanthu. Koma mukati "ya 7:42 yolowera kumpoto, bogi yachitatu, mpando wa pawindo kudzanja lamanja", iye atha kuimbira kondakitala kapena siteshoni ya kumapeto kwa njanji, wina n'kukasuzumira pampando womwewo sitima isanayambe ulendo wobwerera.

Sitimazi sizitembenuka ngati basi. Zikafika kumapeto, woyendetsa amangosamukira kumutu winawo, ndiye bogi imene inali yachitatu kuchokera kutsogolo imakhala yachitatu kuchokera kumbuyo. Pena sitima yaitali imagawidwa pawiri panjira, theka kulowera uku theka kulowera uko. N'chifukwa chake nambala yeniyeni ya bogi ndi yofunika kuposa kuwerenga: imalembedwa kunja m'mbali, ndiponso mkati, kawirikawiri kumapeto kwa bogi chapamwamba. Imeneyo sisintha. Ndi anthu ochepa amene amaiyang'ana, koma ngati mwakwanitsa kuiona sitima ikunyamuka, mwachepetsa ntchito kwambiri.

Ndipo wina asakoke chogwirira cha alamu chifukwa cha foni. Chimenecho n'cha ngozi, ndipo m'maiko ambiri kuchikoka popanda chifukwa kuli ndi chindapusa.

Nambewe:
Zoona zimenezo a Gondwe. Mukatha kuuza wogwira ntchito, bwerekani foni ya munthu wina. Imbirani foni yanu kamodzi kapena kawiri basi. Nthawi zambiri amene waipeza ndi munthu wamba amene anakhala pampando womwewo, ndipo amayankha. Ikapanda kuyankhidwa, itsekeni muli pomwepo.

Ya iPhone: tsegulani icloud.com/find, lowani ndi akaunti yanu ya Apple, sankhani foniyo n'kuiika pa Lost Mode. Tsamba limeneli limalola kulowa popanda nambala yotsimikizira ija imene imatumizidwa pafoni, poti foniyo ndi imene yasowa. Ya Android: google.com/android/find, imene inkatchedwa Find My Device ndipo kuyambira 2025 ikutchedwa Find Hub. Ngati pasiwedi ya Google yathawa m'mutu chifukwa cha mantha, pali android.com/lock pomwe mumangolemba nambala ya foni, bola ngati munayatsiratu Remote Lock foni isanasowe. A Samsung ali ndi njira inanso, SmartThings Find.

Potseka amakupatsani mpata wolemba uthenga woonekera pasikirini. Lembani mawu ochepa ndi nambala ina yoimbira. Osalemba adilesi ya kunyumba. Pa Android batani loliza foni limailiza kwa mphindi zisanu ngakhale inali pa silent, koma musalidine mobwerezabwereza. Limadya batire, komanso limaitana aliyense m'bogimo, wabwino ndi woipa yemwe. Lizani pamene mukudziwa kuti kondakitala walowa m'bogi imene mwamuuza.

Chikondi:
Ine apa ndikutsutsa pang'ono, mayi. Foni ndi chitsulo chabe, chimagulidwa china. Choopsa ndi SIM khadi. Manambala otsimikizira a kubanki, a ndalama za pafoni, a imelo, onse amabwera pa meseji. Munthu akutaya mphindi makumi awiri kuyang'ana pamapu kadontho kosonyeza malo a foniyo pamene wina akusintha mapasiwedi ake. Bwanji osatseketsa laini kaye?

Nambewe:
Achimwene, nkhawa yanuyo ndi yoona koma taonani chimene chimachitika. Mukatseketsa laini, foniyo imataya data. Ikataya data, lamulo lanu loti itsekeke silifika, limangodikirira mpaka foniyo ipeze intaneti, ndipo pamapu simuionanso bwino. Kutseka foni kumatenga mphindi ziwiri. Yambani ndi zimenezo, laini ibwere pambuyo.

Funso lenileni ndi loti pambuyo pake mudikire nthawi yaitali bwanji, ndipo yankho lili pa SIM khadiyo. Loko wa pasikirini sateteza SIM. Munthu amangotenga kasingano, n'kutsegula kathireyi, n'kuika khadiyo m'foni ina, mameseji anu onse akulowa kwa iye. Chimene chimaletsa zimenezi ndi PIN ya SIM, yosiyana ndi ya pasikirini. Akailakwitsa katatu khadiyo imatsekeka n'kufuna PUK, nambala yoitsegulira yochokera ku kampani ya laini, ndipo PUK ikalakwitsidwa kakhumi khadiyo yafa. Choncho ngati SIM yanu ili ndi PIN imene munasankha nokha, kapena ndi eSIM, SIM yomangidwira m'foni momwemo yosachotseka, mutha kusiya laini yotsegula kwa maola angapo kuti muziitsatira. Ngati ilibe PIN, kapena ili ndi ija inabwera nayo ngati 0000 kapena 1234, tsekani foni, kenako tseketsani laini nthawi yomweyo, ndipo muimbirenso banki.

Chikondi:
Apo ndavomera. Koma ndionjezere kuti mameseji asamaonekere pasikirini foni ili yotseka. Apo ayi, ngakhale kasingano sakufunika, nambala yotsimikizira ikungowerengeka poyera.

Wongani:
Ndikambeko za kadontho ka pamapu, chifukwa kamasokoneza anthu ambiri. GPS imafuna kuona kumwamba. Sitima ikalowa pansi pa nthaka kapena m'siteshoni yofoleredwa, foni imayerekeza malo pogwiritsa ntchito nsanja za netiweki ndi Wi-Fi zimene ikumva, ndipo ikhoza kuphonya ndi mamita mazana angapo. Bwalo lotuwa lozungulira kadontho likakhala lalikulu, dziwani kuti foniyo ikungoganizira. Yang'ananinso nthawi imene yalembedwa pansi pake. Anthu amathamangira pamalo pamene foni inali mphindi 40 zapitazo.

Kuwerenga kwake n'kotere. Kadontho kakamayenda motsatira njanji, n'kumaima pa masiteshoni mogwirizana ndi ndandanda ya nthawi, foni ikadali m'sitima ndipo mwayi ndi waukulu. Kakaima usiku pamalo a njanji zambiri kunja kwa siteshoni, kumeneko ndi kudepoti, oyeretsa aipeza. Osapitako, salola anthu wamba, dikirani kuti ilowe m'kaundula. Kakachoka panjanji n'kulowa m'misewu ya nyumba za anthu, ndiye kuti wina wainyamula. Sizitanthauza kuti ndi wakuba, ena amati akaipereka mawa. Koma musakagogode pakhomo nokha. Pamalo pa nyumba zosanjikizana kadonthoko sikanena kuti ndi chitseko chiti. Jambulani sikirini, perekani kupolisi pamodzi ndi IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foniyo.

Za kuzima: ma iPhone ambiri kuyambira 11 kupita mtsogolo amapitiriza kutulutsa kachizindikiro ka Bluetooth kwa kanthawi ngakhale atazimitsidwa, ndipo mafoni ena a Apple odutsa pafupi amatumiza malo ake. Ma Pixel kuyambira 8 amachitanso chimodzimodzi pa netiweki ya Google. Mafoni ambiri otsala akazima, azima.

Mayi Nyirenda:
Poti a Wongani atchula IMEI ndi kaundula, ndifotokoze mmene katundu amayendera akapezeka, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya mtima msanga. Chinthu chikatoledwa ndi kondakitala kapena woyeretsa, chimaperekedwa pa siteshoni ya kumapeto kapena kudepoti. Kumeneko amachilemba, amachimangirira chikwangwani, n'kuchisunga mpaka galimoto yotolera idzafike. Kenako chimapita ku ofesi yaikulu ya katundu wotayika komwe amachilowetsa m'kompyuta. Ulendo umenewu umatenga masiku angapo, pena kupitirira sabata. Ndiye munthu amaimba tsiku lomwelo madzulo, amauzidwa kuti palibe, n'kuganiza kuti zatha. Ayi. Lembani fomu tsiku lomwelo, sungani nambala ya fomuyo, mufunsenso pakatha masiku atatu ndiponso pakatha sabata ziwiri. Ndipo ngati kampani yoyendetsa sitima ndi ina, yoyang'anira siteshoni ndi ina, lembani kwa zonse ziwiri. Makaundula awo sakhala amodzi nthawi zonse.

Pa fomu, "foni yakuda ya Samsung" sizithandiza, pashelefu pali zakuda zodzaza bokosi. Lembani mtundu wake weniweni, maonekedwe a kava, pamene pali mng'alu, chithunzi chimene chili pasikirini, khadi lililonse limene munalowetsa kuseri kwa kava. Koposa zonse IMEI, nambala ya madijiti 15. Foni ikadali m'manja mumaipeza poimba *#06#, ndipo ya ma SIM awiri imakhala ndi ma IMEI awiri. Ikasowa kale, yang'anani pabokosi limene inabweramo, palisiti, kapena pamndandanda wa zipangizo mu akaunti yanu ya Apple kapena ya Google. Laputopu ndi tabuleti ndi serial number.

Sasunga mpaka kalekale. Ku London, ofesi ya katundu wotayika ya bungwe la zamtengatenga la Transport for London, imene inayamba mu 1933 ndipo inakhala zaka zambiri pa Baker Street, imasunga miyezi itatu, kenako katundu amaperekedwa ku mabungwe achifundo, kugulitsidwa kapena kuphwanyidwa. Ku Japan lamulo limanenanso miyezi itatu. Ku Germany, kampani ya sitima ya Deutsche Bahn imasonkhanitsa zotsala ku Wuppertal n'kumazigulitsa pa okushoni. Pokatenga nyamulani chiphaso, chaja, ndipo yembekezerani kuti akuuzani mutsegule foniyo iwo akuona. Malo ena amalipiritsa kangachepe ka kusunga.

Tiyamike:
Zikomo kwambiri mayi. Nanga ikagwera pansi panjanji, pampata uja wa pakati pa sitima ndi pulatifomu? Ikuoneka ndithu, ili pomwepo.

Dalitso:
Osatsika. Ngakhale ikuoneka ngati ili pafupi, osatsika, osagona chafufumimba kuti mutambasule dzanja, osaikoka ndi ambulera. Pulatifomu ndi yaitali kuposa mmene imaonekera muli pamwamba, malo ambiri imafika cha m'chiuno kapena kupitirira, ndipo kukwera kubwerera kumavuta. Sitima yamagetsi imabwera mwakachetechete, ndipo ikamathamanga imafuna mamita mazana angapo kuti iime. Komanso pali njanji zimene magetsi ake ali pansi, pa njanji yachitatu: kum'mwera kwa England ndi mavolti 750, ku New York kupitirira 600. Komwe magetsi ali pamawaya a pamwamba, ambiri ndi mavolti 25,000, ndipo amatha kulumpha osakhudza n'komwe.

Chochita ndi kuona chizindikiro cha pamalopo, kaya ndi nambala ya chitseko yolembedwa pansi, chipilala kapena benchi, n'kukauza wogwira ntchito. Iwo ali ndi ndodo yaitali yokhala ndi chopanira kumapeto, yosadutsa magetsi. Amayamba alankhula ndi oyang'anira kayendedwe ka sitima. Ngati sitima zikutsatizana kwambiri akuuzani kuti mubwere mawa, adzatola usiku sitima yomaliza ikadutsa. Kawirikawiri foni imene yagona pakati pa njanji sipondedwa, sitima imadutsa pamwamba pake. Mdani wake ndi mvula.

Ma earphone opanda waya ndiwo amasautsa. Amagwa pamene munthu akuvula chipewa kapena akukankhana pachitseko, n'kulowa pakati pa miyala ya panjanji pomwe chopanira sichigwira. Ku Tokyo, kampani ya sitima ya JR East inawerenga maulendo pafupifupi 950 amene ma earphone anagwera panjanji pa masiteshoni 78 m'miyezi itatu yokha, Julaye mpaka Seputembala 2020, mpaka inagwirizana ndi Panasonic kupanga kachipangizo koyamwa ngati chosesera chamagetsi kuti kazizula timeneti m'miyalamo.

Wongani:
Pa ma earphone omwewo, osadalira mapu kwambiri. Alibe GPS, alibe SIM. Chimene pulogalamu imasonyeza nthawi zambiri ndi malo ndi nthawi imene analumikizana komaliza ndi foni yanu. Nthawiyo ndi yothandiza kuposa malowo, chifukwa imakuuzani kuti inali sitima iti. Ambiri akakhala m'kabokosi kotseka salira. Kabokosi ka AirPods Pro a m'badwo wachiwiri, a 2022, ndi kamene kanayamba kukhala ndi sipika yakeyake.

AirTag, kachipangizo ka Apple komangirira pa katundu kuti muzimutsatira, ndi tizipangizo tina totero timadalira mafoni a anthu ena odutsa pafupi. M'sitima yodzaza timagwira ntchito bwino zedi, malo amasintha pafupipafupi. Sitima ikakagona kudepoti kopanda anthu, timakhala chete mpaka woyeretsa wokhala ndi foni yoyenera adutse. Batire ya AirTag ndi CR2032, imatha pafupifupi chaka, ndipo imakonda kutha mwini wake osadziwa.

Mphatso:
Koma abale, mafoni ndi nkhani yaing'ono tikaona zina zimene anthu amasiya. Ku ofesi ya ku London kuja kwafikapo mano oikirira, miyendo yochita kupanga, madiresi a ukwati, ngakhale mitsuko ya phulusa la anthu omwalira. Munthu amatsika bwanji m'sitima mwendo utatsala? Ku Switzerland mu Okutobala 2019 munapezeka phukusi la golide, timipiringidzo 120 tolemera makilogalamu 3.7, m'sitima yochokera ku St. Gallen kupita ku Lucerne. Mwini wake sanapezeke, ndipo mu 2023 akuluakulu a zamalamulo anaganiza zopereka golideyo ku bungwe la Red Cross poti phukusilo linali ndi dzina la bungwelo. Ku Tokyo vuto ndi maambulera, amafika zikwi mazanamazana pachaka ndipo eni ake amene amabwera kudzatenga ndi ochepa kwambiri. Paris nayo ili ndi ofesi yake pa rue des Morillons, ntchito imene inayamba kale mu 1805 m'nthawi ya Napoleon.

A Gondwe:
Zikuseketsa koma chifukwa chake n'chimodzi. Chimene chimaiwalika ndi chimene sichikukhudza thupi, komanso chimene munthu sanyamula tsiku lililonse. Chikwama cha masiku onse dzanja limachifuna lokha. Chachiwiri chija, chimene chaikidwa pashelefu ya pamwamba, mutu suchiwerenga. Ambulera imaiwalika mvula ikasiya. Magolovesi ndi zipewa zimaiwalika m'bogi mukatentha.

Zamagetsi zili ndi malo ake odziwika. Pampata wa pakati pa mpando ndi khoma la bogi, foni imatsetserekera pamenepo kuchokera m'thumba la thalauza munthu atakhala, makamaka nsalu yoterera. Mipando yopindika ija ya pafupi ndi chitseko imadzipinda munthu akaimirira, n'kumeza chimene chinali pampando kapena kuchiponya kuseri. Soketi ya pansi pa mpando ndi imene imadya machaja, ndipo pena chaja imatsala ndi foni yomwe. Kathumba ka kuseri kwa mpando ndi kathebulo kopinda ndi manda a matabuleti ndi magalasi. Mukamauza kondakitala, tchulani malo amenewa, chifukwa iye akangoyang'ana pamwamba pa mpando abwera n'kunena kuti palibe.

Tiyamike anafunsa za machaja ndi ma power bank. Kunena zoona amabwerera ochepa, osati chifukwa chobedwa, koma chifukwa onse amafanana ndipo palibe chotsimikizira kuti ndi anu. Kachidutswa ka tepi kolembedwa imelo kamasintha nkhani yonse.

Nambewe:
Chenjezo lina limene likufunika kwambiri, makamaka kwa a iPhone. Pakapita masiku angapo kapena masabata, pa nambala imene munalemba pasikirini pamatha kufika meseji yonena kuti foni yanu yapezeka, dinani apa muone pamene ili. Tsamba lake limafanana ndi la Apple. Ndi msampha. Amene ali ndi foniyo walephera kuigwiritsa ntchito chifukwa cha Activation Lock, imene imamangirira foni ku akaunti yanu ngakhale itafufutidwa, ndiye akufuna pasiwedi yanu kuti amasule. Ena amaopseza, amati chotsani foniyi pa akaunti yanu apo ayi tifalitsa zithunzi zanu. Ngati foni inali ndi loko wabwino, zithunzizo alibe. Osayankha, osadina. Lowani pa tsamba lenileni polemba nokha adilesi yake.

Siyanitsaninso kufufuta ndi kuchotsa. Kufufuta kumapukuta zonse zili m'foni koma loko wa akaunti amatsala. Kuchotsa foni pa akaunti ndiko kumasula lokoyo, n'kupatsa munthu foni yoti agulitse. Fufutani mukaona kuti mwayi watha, koma musachotse. Pa Android dziwani kuti mukafufuta, kuitsatira pamapu kumatha, ndiye musafulumire pamene kadontho kakuyendabe panjanji.

Chikondi:
Laputopu ndi yoopsa kuposa foni pa nkhani imeneyi. Pasiwedi yolowera mu Windows payokha siteteza mafayilo, munthu amatha kuchotsa disiki n'kuiwerenga pa kompyuta ina. Chimene chimateteza ndi mapulogalamu obisa mafayilo kuti asawerengeke popanda pasiwedi: BitLocker kapena Device Encryption pa Windows, ndi FileVault pa Mac. Ngati ndi ya kuntchito, uzani a zamakompyuta ola lomwelo, osadikira kuti mwina ipezeka. Sinthani pasiwedi ya imelo poyamba, chifukwa ndi imene imatsegula maakaunti ena onse, kenako tulutsani chipangizocho pa maakaunti amene chinali chitalowa.

Mayi Nyirenda:
Tisaiwale mbali ya wotola. Mwapeza foni pampando: njira yachidule ndi kuipereka kwa kondakitala kapena pa ofesi ya siteshoni imene mwatsikira, n'kunena sitima, nthawi ndi bogi. Musapite nayo kunyumba kuti mukasake mwini wake nokha. Iye akuona kadontho kakulowa m'nyumba mwanu ndipo akuganiza zina, komanso m'maiko ambiri kusunga chinthu chotola osachitapo kanthu kuti chibwerere ndi mlandu wakuba. Musaizimitse. Ikalira muli nayo, yankhani. Ku Japan lamulo limapatsa wotola mphoto ya pakati pa 5 ndi 20 peresenti ya mtengo wa chinthucho, koma ngati watola m'sitima kapena pa siteshoni amagawana theka ndi kampani ya sitimayo, ndipo ayenera kupereka pasanathe maola 24.

Zinthu zitatu zosagwira mwachisawawa. Chikwama chotsekedwa chopanda mwini: osatsegula, osasuntha, uzani wogwira ntchito. Power bank kapena foni yofufuma, yotentha kapena yonunkha: batire ya lithium ikawonongeka imayaka mwadzidzidzi, musaiike m'thumba. Flash disk: musailowetse m'kompyuta yanu kuti muone mwini wake, ikhoza kukhala ndi vayirasi.

Tiyamike:
Mwandithandiza akuluakulu. Chomaliza: WhatsApp imene yatsala m'foni yosowayo, munthu amaitulutsa bwanji?

Nambewe:
Tengani SIM khadi yatsopano ya nambala yomweyo, ikani m'foni ina, lembetsani WhatsApp ndi nambalayo. Mukangolowetsa nambala ya madijiti 6 imene ibwere pa meseji, akaunti imatuluka yokha m'foni yakale. Kutseketsa laini kokha sikuitulutsa, imapitirizabe kugwira ntchito pa Wi-Fi, choncho musachedwe kutenga khadi yatsopanoyo. Ngati munayatsa two-step verification adzakufunsani PIN imene munaika mu WhatsApp momwemo. Mukalowa, pitani pa Linked devices muone ngati pali kompyuta imene simukuidziwa, muitulutse. Mauthenga akale abwerera pokhapokha ngati munkasunga backup pa Google Drive kapena pa iCloud, ndipo mubwezeretse pa nthawi yolembetsayo pamene akufunsani, chifukwa mukadumpha gawo limenelo muyenera kuchotsa pulogalamuyo n'kuyambiranso.